Mmene ndinapezera mudzi umene unasunga amayi anga pa nkhondo ya ku Mozambique

Amayi anga anabadwira ku Angónia, kufupi ndi phiri la Domue, ndipo analowa m'Malawi ali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, akutsatira agogo amene anali atabereka kamlongo kawo kakhanda kumbuyo. Banja lina la m'boma la Ntcheu linawalandira n'kuwasunga zaka ziwiri. Chaka chathachi ndinaupeza mudziwo. Ndalemba izi chifukwa pamaliro ndi pamaukwati ndimakumana ndi anzanga ambiri amene makolo awo anadutsa m'zomwezi, ndipo ukawafunsa kumene kholo lawo linasungidwa amangoti "cha ku Ntcheu" kapena "kwinakwake ku Nsanje". Malowo amapezeka ndithu, bola kudziwa kofunsa.

Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, amene akuluakulu kwathu amangowatchula kuti Amatsanga, inayamba mu 1977. Inatha pa 4 October 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasainirana mgwirizano wa mtendere ku Rome. Anthu anayamba kukhamukira kuno mwaunyinji mu 1986, ndipo pofika 1992 anali ataposa 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza kuti muli anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni dera. Kum'mwerako kunali makampu odziwika monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, Kunyinda ku Chikwawa, Muloza ku Mulanje, ndiponso Chifunga ndi Luwani m'boma la Mwanza la nthawi imeneyo. Koma ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanalowe m'kampu. Kumeneko malire m'malo ena ndi msewu wa M1 womwewu, tsidya lino Angoni ndi Achewa, tsidya linalo Angoni ndi Achewa, chilankhulo chimodzi, mifunda yomweyo. Munthu ankangowoloka msewu n'kukagwada pakhomo pa wina. Uwu unali mwayi kwa agogo anga, koma kwa ife ofufuza lero zikutanthauza kuti palibe buku la boma limene linalemba kuti uje anagona m'nyumba ya uje. Ndinafunsako m'maofesi angapo, anandilandira bwino, koma mndandanda wotero analibe. Ngati mukufuna m'bale amene munatayana naye, a Red Cross ali ndi ntchito yolumikizitsa mabanja ndipo ndi bwino kuwaona. Ine ndinkafuna anthu amene anasunga amayi, ndipo zimenezo zinali m'mitu ya anthu.

Agogo anamwalira ine ndili wamng'ono, ndipo za nkhondo sankazikamba. Amayi dzina la mudzi sankalidziwa, popeza patatha zaka ziwiri zija agogo anasamuka nawo kupita chakufupi ndi Dedza, kumene anakhala mpaka pobwerera kwawo mu 1993. Choncho funso loti "kodi unali mudzi wa yani" silinkandifikitsa kulikonse. Chimene chinathandiza ndi kufunsa zinthu zimene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amaona. Madzi munkatunga kuti? Tchalitchi chinali mbali iti? Dzuwa linkatulukira kuti mukaima pakhonde? Munkagona ndi yani? Sindinkawakhazika pansi ngati tili pabwalo la milandu. Ndinkafunsa tikutongola chimanga kapena tikusenda mbatata, funso limodzi lero, lina mawa, ndipo nditawapempha anandilola kujambula mawu awo pafoni. Kujambulako n'kofunika, chifukwa kanthu kamene munthu wangokatchula podutsa kamadzakhala kothandiza pambuyo pake.

Zimene ndinatolera ndi izi. Kuseri kwa nyumba kunali mtengo wa pichesi. Chakumunsi kunali thanthwe lalikulu limene ankayanikapo mphale. Belu la tchalitchi cha Katolika linkamveka pafupi. Tsiku la msika agogo ankapita wapansi ku Lizulu n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Mayi wa pakhomopo amayi ankangomudziwa ndi mfunda wake, monga mmene timaitanirana kuti Naphiri kapena Nangozo, ndipo ine pano sindiutchula. Anali ndi mwana wamkazi wa msinkhu wa amayi, wokhala ndi chipsera cha moto padzanja lamanzere, ndipo awiriwa ankagona pamphasa imodzi. Bambo wa pakhomopo anapitako ku Joni ndipo anali ndi wayilesi.

Wayilesi imeneyo ndi imene inandipatsa chaka. Amayi ankakumbukira tsiku lina anthu ataunjikana pakhonde kumvetsera, kenako agogo n'kuyamba kulira mokweza, akuti Samora wafa. Samora Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 October 1986, ndiye kuti pofika tsiku limenelo iwo anali atafika kale m'mudzimo. Makolo athu zaka saziwerenga ndi manambala, koma zochitika amazikumbukira bwino. Afunseni ngati Papa John Paul II ankabwera ku Malawi mu May 1989 iwo ali kuti, ngati chilala cha 1992 chinawapeza pamalo omwewo, ngati riferendamu ya June 1993 inachitika asanabwerere. Mukatero mudzadziwa zaka zoti mufufuze.

Panalinso nkhani imene amayi anaitchula komalizira, movutikira. Kamlongo kawo kaja kanamwalira ndi chikuku m'mudzi momwemo, m'nyengo ya mvula, ndipo kanaikidwa m'manda a eni mudzi. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene agogo sankafunira kukamba za kumeneko, komanso chifukwa chimene amayi ankafunitsitsa kudziwa malowo ngakhale sankanena poyera.

Msuweni wa amayi, amene ndi wamkulu kwa iwo ndipo amakhala ku Ulongue, m'dera la Angónia, anatitumizira mawu pa WhatsApp otchula dzina la mfumu monga mmene iwo ankalikumbukirira. Ndinasangalala, koma dzinalo palokha silinali lokwanira. Kuyambira cha m'ma 1990 midzi yagawikagawika, moti amene anali nyakwawa nthawi ya nkhondo lero ndi gulupu wokhala ndi midzi yambiri pansi pake, ndipo mudzi uliwonse uli ndi dzina lake latsopano. Komanso mayina a mafumu amabwerezedwa mbali zonse ziwiri za malire, popeza ndi mabanja amodzi. Zizindikiro zina nazo zimasocheretsa. Kholo likati "panali sukulu pafupi", kumbukirani kuti sukulu zinachuluka pambuyo pa 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere. Mijigo ndi zigayo nazonso zafalikira. Zimene sizisuntha ndi mapiri, mitsinje, madambo, matanthwe, manda ndi mishoni zakale.

Chimene chinanditsegulira njira ndi kaundula wa ubatizo. Amayi ankakumbukira kuti mwanayo anabatizidwa ali wodwala kale. Ndinapempha kalata kwa bambo mfumu a parishi yathu ku Lilongwe yofotokoza kuti ndine yani ndipo ndikufuna chiyani, n'kupita nayo ku parishi ina ya dayosizi ya Dedza imene imayang'anira matchalitchi a dera la Lizulu. Bambo mfumu a kumeneko anavomera, ndipo mlembi wa parishi anatulutsa mabuku a 1987 ndi 1988, achikuto cholimba, masamba ake atachita chikasu. Iye ndiye ankatsegula, ine ndikuyang'ana pambali. Langizo langa apa ndi lakuti musafufuze potsata kalembedwe ka dzina. Mayina a Chipwitikizi ankalembedwa mmene mlembi wawamvera, ndipo dzina la agogo linalembedwa mosiyana ndi mmene ife timalilembera. Tinkayenda mwezi ndi mwezi, kuyang'ana ana aamuna amene mayi wawo dzina lake likumveka ngati la agogo. Titaupeza mzerewo, panali dzina la mwanayo, la agogo, la mudzi, ndi la bambo wa ubatizo. Dzina la mudzi linagwirizana ndi limene anatchula a ku Ulongue aja. Ngati kholo lanu linali la CCAP kapena mpingo wina, funsani mabuku a mpingo umenewo, ndipo kunyumba funafunani m'masutikesi akale. Khadi la kusikelo, khadi la ubatizo kapena khadi lolandirira chakudya likhoza kukhala ndi dzina la mudzi kapena la malo ogawirako zinthu.

Ndinapita m'chilimwe, anthu atakolola. M'dzinja njira za kumapiri kuja zimaterera ndipo aliyense amakhala ali kumunda. Pewaninso tsiku la msika, chifukwa mudzi wonse umakhala uli ku Lizulu ndi kachewere ndi kabichi. Ndinatsika minibasi pa Lizulu n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, nditavala chitenje, ndili ndi mchimwene wa bambo anga kuti pakhale munthu wamkulu wolankhula. Sitinalunjike pakhomo pa munthu aliyense. Tinayambira kwa agulupu, iwo n'kutipatsa mnyamata wotiperekeza kwa nyakwawa. Kwa mfumu sitipita chimanjamanja, ndiye tinanyamula kangachepe.

Pano pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritse. Nenani msanga chimene mwadzera, ndipo nenaninso chimene simunadzere. Mlendo wa m'tauni wofunsa za nyumba yakale ndi malo ake, anthu amayamba kuganiza kuti akufuna munda, kapena wabwera ndi mlandu wa mwana, kapena watumidwa ndi bungwe kudzalemba mayina a olandira thandizo. Bambo aakulu aja ataomba m'manja anati, "Zikomo mfumu. Ife sitinadzere malo, sitinadzere mlandu, ndiponso si ife a boma. Mwana wathuyu mayi ake anasungidwa m'mudzi mwanu muno nthawi ya nkhondo, ndiye tabwera kudzaona amene anawasunga kuti tithokoze." Nkhope za anthu amene anali pabwalopo zinamasuka nthawi yomweyo. Chinanso, musafunse kuti ndani m'mudzimo anachokera ku Mozambique. Alipo amene sanabwerere, anakwatira kapena kukwatiwa komweko, ana awo ndi zidzukulu ndi Amalawi, ndipo funso lotero limawadzetsera nkhawa, makamaka chiyambire kalembera wa zitupa za unzika mu 2017. Foni nayo ikhale m'thumba mpaka mutapempha kujambula.

Mfumu yake inali yachinyamata, yobadwa nkhondo ili mkati, ndipo inanena mosabisa kuti nkhaniyi ndi ya azimayi achikulire. Inatuma mwana kukawaitana. Anabwera atatu, anakhala pamphasa, ndipo ndinawafotokozera zonse zija, pichesi, thanthwe, wayilesi, mfunda. Ankangoyang'anizana. Nditatchula za mwana womwalira ndi chikuku, mmodzi wa iwo anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Kodi mukunena mayi wamtali uja ankaumba mbiya?" Ine sindinkadziwa n'komwe kuti agogo ankaumba mbiya. Ndinaimbira amayi pomwepo, ndipo anati inde, ankaumba, ankakagulitsa ku Lizulu. Maliro ndi ntchito ya manja a munthu, anthu a m'mudzi saziiwala, ngakhale dzina litawathawa.

Mayi amene anasunga agogo anamwalira kalekale, amuna awonso chimodzimodzi. Koma mwana wawo wamkazi uja anali m'mudzi momwemo. Kumadera amenewa mabanja ambiri ndi a chikamwini, ana aakazi amakhala pamalo a mayi awo, amuna ndiwo amachoka, choncho pofufuza tsatani mzere wa akazi. Tinawapeza akupeta nyemba pakhonde. Mfumu itawafotokozera, anaika lichero pansi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatchula dzina limene amayi ankaitanidwa nalo ali mwana, dzina limene kunyumba kwathu palibe amene amalitchula. Anafunsa kuti, "Ali moyo?" Nditavomera anatambasula dzanja lamanzere kundionetsa chipsera chija, akuseka uku misozi ikutsika. Ndinaimbanso foni n'kuwapatsa. Mphindi zoyamba palibe chomveka chimene awiriwo analankhula.

Nyumba yeniyeniyo kulibe, ndipo konzekerani zimenezi musananyamuke. Inali ya mdindo, yofolera ndi udzu, ndipo nyumba zotere sizikhala zaka pafupifupi makumi anayi. Mayiwo ananditengera pabwinja pake, pamene pano amalimapo chimanga. Munthu wosadziwa akhoza kudutsapo osaona kanthu, koma atandilozera ndinaona kuti pakati pa mizere dothi lakwera pang'ono ndipo ndi lofiira kuposa lozungulira, pamene makoma anasungunukira. Chapambali dothi linali lakuda ndi phulusa, pamene panali khitchini, ndipo m'mizeremo munali timapale ta mbiya. Mpanda wa nkhadze unali ukadalipo mbali imodzi. Pichesi uja anauma n'kudulidwa. Thanthwe lokha ndilo linali pomwepo, ndipo linali laling'ono kwambiri poyerekeza ndi mmene amayi ankalifotokozera, loti mphasa ziwiri zikhoza kuliphimba. Mwana amaona zinthu zazikulu ndi mitunda yaitali, ndiye kholo likati "phiri" pena chimakhala chitunda, likati "kutali" pena ndi kuseri kwa dambo basi.

Kumanda sitinapite tsiku limenelo. Kumanda salowako mwachisawawa, mfumu iyenera kuloleza ndi kupereka anthu okuperekezani, ndipo m'midzi ya Achewa kumene kuli Gule Wamkulu mwambo wake ndi wokhwima kwambiri. Tinagwirizana kuti tidzapite amayi akadzabwera.

Madzulo a tsikulo mayi aja anandiuza zinthu zimene amayi sankazidziwa. Agogo anafika usiku, mapazi atatupa, ndipo anagona m'khitchini mpaka amuna a pamudzipo atawamangira kanyumba pambali. Chaka choyamba ankadya za m'nkhokwe ya pakhomopo, agogo n'kumalipira ndi ganyu ndi mbiya zawo, thandizo la ufa, nyemba ndi mafuta lisanayambe kufika bwino. Anandiuzanso, mochita manyazi, kuti kuchoka kwa agogo sikunali kwa maliro okha. Amalume a mayi ankandifotokozerawo, amene anali mwinimbumba, anaitanitsa kamunda kamene agogo anabwerekedwa, ponena kuti malo achepa ndipo alendo achuluka. Panali mawu, ndipo agogo ananyamuka patangopita masiku ochepa. Nkhani imeneyi sinandikwiyitse. Midzi ya m'malire inasenza katundu wolemera zaka zimenezo, minda inachepa, nkhuni zinatha m'mapiri, zitsime sizinkakwanira. Banja limene linagawa nsima yake kwa anthu atatu osawadziwa kwa zaka ziwiri silingaweruzidwe ndi mkangano wa tsiku limodzi. Koma dziwani kuti mukhoza kumva mbiri yosiyana ndi imene munakula nayo, ndipo lingalirani bwino mmene mukaifotokozere kwa kholo lanu. Ine ndinawauza amayi zonse, pang'onopang'ono, ndipo anati zikumveka, chifukwa ankakumbukira kuti ananyamuka m'bandakucha osatsanzika kwa mnzawo uja.

Amayi anapita patatha mwezi. Achibale tinasonkha ndalama n'kugula mbuzi, bulangete, zitenje, shuga, mchere ndi sopo. Mphatso ikhale yolingana ndi thumba lanu, ndipo musalonjeze zimene simungakwanitse. Mukakhala pakati pa chisangalalo n'kosavuta kunena kuti mulipirira mwana sukulu kapena mugula malata, ndipo anthu amasunga mawu amenewo. Ife tinalonjeza chimodzi chokha, kuti tiziyenderana pamaliro ndi pamaukwati, ndipo tikuchita.

Kumanda anatiperekeza mfumu ndi bambo wina wokalamba amene anali mmodzi wa adzukulu pamaliro aja. Mtumbira unafafanizika, chizindikiro palibe. Bamboyo anayenda pang'onopang'ono n'kukaima pafupi ndi mtengo wina chakumapeto, nati ndi chapamenepa, pakati pa mtengowo ndi chulu. Amayi ankafuna kumanga chiliza. Mfumu inawapempha mwaulemu kuti asatero, chifukwa chaka chimenecho anaika ana angapo mbali yomweyo, ndipo chiliza chomangidwa mongoganizira chikhoza kukhala pamwana wa wina. Amayi anavomera. Tinapemphera pomwepo, ndipo Lamulungu lotsatira tinapereka Misa m'tchalitchi chija belu lake ankalimva ali mwana, dzina la mlongo wawo n'kutchulidwa pamaso pa mudzi wonse.

Kwa inu amene kholo lanu linali m'kampu, njira yake ndi yosiyana pang'ono. Makampu ambiri anatsekedwa anthu atabwerera kwawo mu 1993 ndi 1994, ndipo malo ake anabwerera kukhala minda ndi midzi. Luwani, imene pano ili m'boma la Neno, inatsekedwa mu 2007 n'kutsegulidwanso mu 2016 pamene anthu ena a ku Tete anathawiranso kuno. Pamalo otero funsani za zinthu zimene zinamangidwa nthawi ya kampu n'kutsalira eni dera, monga chipatala, sukulu kapena mijigo, ndipo funani anthu amene ankagwira ntchito mmenemo, aphunzitsi opuma, azaumoyo, ndi amene ankagawa chakudya. Iwowa amakumbukira mmene kampu inagawidwira ndi kumene kunali manda. Ochokera tsidya la Mozambique, wolokerani pachipata chovomerezeka monga cha Dedza kapena Biriwiri muli ndi zikalata zanu, ngakhale anthu a m'malire amangodutsa paliponse, kuti ulendo wabwino usasanduke mlandu.

Ife tatsala ndi malo achiwiri, a chakufupi ndi Dedza, kumene agogo ndi amayi anakhala kuyambira 1988 mpaka 1993. Kumeneko sanasungidwe ndi banja, anali m'misasa ya othawa nkhondo okhaokha m'mbali mwa msewu, ndiye tikudalira msuweni wa amayi wa ku Ulongue uja, amene anakhala nawo komweko ali kale mtsikana wamkulu. Wavomera kubwera akakolola, ndipo tidzayambira kwa agulupu a deralo monga tinachitira ku Ntcheu.